Tsiku Limene Nkhuku ya a Bonifasi Inalowa Ndale

Anthu a pamsika wa Mitundu amati ndikamakonza njinga, pakamwa panga pamazungulira kuposa tayala. Azinena. Koma zimene ndikulemba panozi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo ngati muli bodza ngakhale lochepa ngati njere ya fodya, sipanala zanga zonse zindikane.

Nkhani inayambira pa chigafa choumitsira fodya. A Bonifasi, mnzanga wa ku Phalombe amene ndi tenanti pa esiteti ina kuseri kwa Mitundu, anazengereza kufolera chigafa chawo mpaka mvula ya Febuluwale inayamba kulowamo ngati kwawo. Fodya anaola mikangala yambirimbiri. Kapitawo atabwera kudzafunsa, a Bonifasi analoza akazi awo, a Nambewe, pamaso pa matenanti anzawo, n'kunena kuti mayiwo ndiwo amasoka fodya mothinana ngati akumanga mtolo wa nkhuni. A Nambewe anamaliza masamba amene anali m'manja, anabereka mwana, ulendo kwawo ku Nathenje. Masabata atatu anatha, foni osayankha. Kenako kunabwera uthenga wochokera kwa amalume awo, a Zakaliya: mkamwini afike ndi ankhoswe ake Lachinayi, isanakwane thu koloko masana. Akapanda kutero, Lachisanu iwo abwera kudzatenga katundu wa mwana wawo, banja lithere pomwepo.

Ankhoswe enieni a a Bonifasi ali ku Phalombe, ndipo mtengo wa basi masiku ano ndi woti munthu umakafika utagulitsa ndi nsapato zomwe. Choncho anabwereka ine, monga mmene anthu amabwerekera pampu. Anagulanso nkhuku yopepesera, thadzi lalikulu lamawangamawanga, lolemera moti polinyamula unkafunika kusinthana manja.

Tsono nthawi imeneyo chisankho chinali chidakali kutali, koma m'chipani china, chimene sindichitchula, akuluakulu awiri anali atayamba kale kulimbirana kuti ndani adzaimire chipanicho pa mpando wa pulezidenti. Wina tinkangowatchula kuti a Dokotala, enawo a Injiniya. Msonkhano waukulu wowasankha unali usanaitanidwe n'komwe, koma pa wailesi a Dokotala ankapambana m'mawa uliwonse, a Injiniya n'kupambana madzulo. Lachitatu, mayi Tcheya a dera lathu anadutsa pamsika ndi wezulo yawo kulengeza kuti mawa a Dokotala ali ndi msonkhano ku Nathenje, ndipo kuli lole yaulere.

Nzeru yokwera loleyo inali yanga, sindikana. Ndinawauza a Bonifasi kuti Mulungu wamva kulira kwawo: tinyamuka sikisi koloko, pofika eyiti tili ku Nathenje, anthu akalunjika ku bwalo ife tikhotera kwa a Zakaliya. Ndinawatsimikizira kuti pofika nkhomaliro adzakhala ali pabanja.

Sikisi koloko inatipeza pa siteji. Seveni inatipeza pomwepo. Minibasi za ku Lilongwe zinadzaza, zinapita, zinabwerako, makondakitala n'kuyamba kutipatsa moni ngati achibale. Lole inatulukira cha m'ma naini, ndipo itangoima ndinagwira pakamwa. Inali lole yonyamula makala a ku Dzalanyama, yotsitsidwa katundu m'mawa womwewo, yosasesa. Dalaivala anati wachedwa chifukwa amatsuka. Chimene anatsuka sindinachione, mwina manja.

Mayi Tcheya anagawa matisheti a nkhope ya a Dokotala. Onse anali a msinkhu umodzi, woyenera munthu amene amadya kasanu pa tsiku. Ya a Bonifasi inafika m'maondo. Mayiwo ataona nkhuku anafunsa ngati tikupita kumsika, ndipo a Bonifasi atayankha kuti ndi ya milandu ya kubanja, anawauza kuti aibise m'kati mwa tisheti, atolankhani angaganize kuti chipani chikunyamula amalonda. Nkhuku inalowa m'tisheti, mutu n'kutulukira pakhosi. Kuyambira pamenepo a Bonifasi anali munthu wa mitu iwiri, ndipo pa iwiriyo wodekha unali wa nkhuku.

Tinakwera. Sindinena kuchuluka kwake poopa kuti mungati ndayamba, koma ndinganene kuti phazi langa lamanzere linachoka pansi pa Mitundu n'kukapondanso pansi patapita ola lathunthu. Pafupi nane panaima bambo wina wazaka, a Layisoni, amene anandiuza kuti umenewu unali msonkhano wawo wachinayi mwezi umenewo. Anakweza tisheti kundionetsa ina m'kati, ya nkhope ya a Injiniya. Anati iwo sasankha, amangoona lole imene yafika. Anandiphunzitsanso kuti kamera imadana ndi mpata. Anthu akachepa amawapanikiza pakona ya bwalo, wojambula n'kugwada pansi kuti kumbuyo kusaoneke mbuzi zikudya msipu. Ine ndinkaganiza kuti akuseka. Nkhope yawo inali ya munthu wofotokoza kabzalidwe ka chimanga.

Titangodutsa phiri la Bunda, lole inatsokomola kawiri n'kuzima. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti galimotoyo siiliza ndi kiyi kuyambira chaka chatha, amuna atsike. Tinakankha. Inaliza, inathamanga kufika pamtengo wa mango, inazimanso. Tinakankhanso. Ndikulumbira kuti pa msewu umenewo ife tinainyamula loleyo mtunda wautali kuposa umene iyo inatinyamula. Tili pakati pokankha kachitatu, mvula inagwa. Fumbi la makala lija linasanduka phala, ndipo pokweranso aliyense anali atada kuyambira kutsitsi mpaka kuchidendene. Nkhope ya a Dokotala pa matisheti inamera ndevu. Mayi wina anayamba kufunafuna mwamuna wake, pamene mwamunayo anali atamugwira dzanja.

Tinafika pa mphambano pamene msewu wa ku Bunda umakumana ndi msewu waukulu wa ku Dedza cha m'ma leveni. Pamenepo anatiimika kuti tidikire malole ena awiri ochokera kwina, kuti mdipiti uoneke wautali. Kunabwera imodzi yokha. Kenako panafika kagalimoto koyera, mukutuluka mtolankhani wa jekete yamatumba ambiri ndi mnzake wa kamera. Anakambirana ndi mayi Tcheya, ndipo anatiuza kuti tidutse pamaso pa kamera tikuimba. Tinadutsa. Anati tibwerere, tidutsenso, koma amene anali kumanja apite kumanzere. Tinadutsanso. Kachitatu anati azimayi avale nsalu kumutu, azibambo avule zipewa. Malole awiri anasanduka asanu ndi imodzi ife tikuona, ndipo mafuta a lole yathu anathera pomwepo.

Podikira kuti munthu apite pa njinga yamoto kukasaka mafuta m'chigubu, wina anatsegula wailesi ya pa foni. Woulutsa mawu ankanena kuti msewu wonse wa ku Nathenje wadzaza ndi anthu amene akukhamukira kumsonkhano mwa kufuna kwawo, ena pa njinga, ena wapansi, ena atasiya makasu m'munda. Tinayang'ana msewuwo. Munali galu mmodzi, ndipo ankalowera ku Lilongwe.

A Bonifasi ankangoyang'ana dzuwa, n'kuyang'ana ine. Ndinaganiza zoti titsike tikwere minibasi, koma makondakitala atationa mmene tinaderamo ankatseka chitseko tisanafike. Mmodzi anatiuza kuti mipando yake ndi yatsopano, tikayambe tabatizidwa.

Mafuta anafika, tinakankha, tinanyamuka. Pa Nanjiri tinadutsa anthu akutiloza. Itatsala pang'ono kukwana wani koloko, Nathenje uyo, ndipo a Bonifasi anandigwira mkono kundisonyeza kanjira ka kwa apongozi awo, pafupi ndi chigayo. Mtima wanga unakhala pansi. Lole sinaime. Inadutsa sitolo, inadutsa chigayo, inadutsa Nathenje yense ngati ili naye ngongole. A Bonifasi anamenya denga la dalaivala ndi chibakera, nkhuku nayo ikukuwa pakhosi pawo. Mayi Tcheya anatulutsa mutu n'kunena kuti a Dokotala akuchokera mbali ya ku Dedza, ndiye tikawachingamira ku Diamphwe, pamalire. Dalaivala anawonjezera kuti ngakhale atafuna kuima, pamalo athyathyathya ngati amenewo ndani akankhe.

Ku Diamphwe tinaima m'mbali mwa msewu maola awiri. Anatiuza kuti a Dokotala ali pafupi, atsala ndi kona imodzi. Kona imeneyo iyenera kuti ndi yaitali kuposa dziko lino. Galimoto iliyonse yakuda ikatulukira, mayi Tcheya ankaliza wezulo ife n'kuyamba nyimbo. Tinaimbira bambo wina wonyamula bokosi la maliro, tinaimbira ansembe, tinaimbiranso mzungu wina amene anatiyankha ndi dzanja mosangalala kwambiri. Thu koloko inakwana tili pomwepo. Ndinayesa kuimbira a Zakaliya, foni yawo inangoitana. Mwina ndi mantha, mwina ndi kutentha kwa m'tisheti, nkhuku ija inaikira dzira pamimba pa a Bonifasi. A Layisoni analipempha n'kulimwa laliwisi, akuti ndi lothandiza mawu.

A Dokotala anadutsa cha m'ma fili, magalasi otseka. Amene anawaona akuti anakweza dzanja. Ine ndinaona tayala, ndipo monga katswiri ndinganene kuti linali labwino.

Tinawatsatira. Titatsala pang'ono kulowa Nathenje, anatitsitsa tonse, lole n'kukabisidwa kuseri kwa nyumba ina yosatha. Anati tilowe m'bwalo tikuthamanga, ngati anthu ochokera kutali ndi mapazi. Apa sitinavutike kuchita sewero. Tinali otopa, anjala, akuda bii, ndipo wa kamera uja atationa anamwetulira ngati mlimi woona mvula yoyamba.

Zimene ananena a Layisoni zinali zoona. Bwalo linali lalikulu, anthu tinali ochepa, ndipo anatipanikiza pakona imodzi mpaka ndinkamva njala ya munthu wa kumbuyo kwanga. Mbali inayo mbuzi zinali kudya msipu.

Ndi pamenepo pamene a Bonifasi anawaona a Nambewe. Anali kutsogolo, pa mzere wa azimayi oimba a m'mudzimo, atavala nsalu ya chipani, mwana ali kumsana. Chapafupi, pa benchi, panakhala a Zakaliya, ndipo anali atationa kale. Anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana ife, n'kutembenukira kumbali. Monga nkhoswe ndinawauza a Bonifasi kuti tidikire msonkhano uthe, tikayankhule kunyumba mwa mwambo wake. Anandiyankha motsitsa mawu.

"Achimwene, ndakumverani kuyambira dzulo. Taonani pamene ndili."

Anatulutsa nkhuku m'tisheti, anadutsa pansi pa chingwe, n'kukagwada m'matope pamaso pa akazi awo, nkhuku ataitambasula ndi manja awiri. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Zimene ankanena palibe anamva, chifukwa chimkuzamawu chinali pamwamba pa mitu yawo, ndipo munthu wina ankakuwiramo mayina aulemu a a Dokotala, amene ndi ambiri kuposa a m'kalata ya maliro.

Nthawi yomweyo n'kuti a Dokotala akuyenda pa mzere wa azimayiwo kupereka moni. Anafika kumbuyo kwa a Bonifasi. Bambo wina wamkulu thupi wa magalasi akuda, mmodzi mwa owateteza, anawerama, anatenga nkhuku ija m'manja mwa a Bonifasi ngati akuthyola papaya, n'kuipereka kwa a Dokotala. A Dokotala anaikweza m'mwamba. Nthungululu zinaphulika. Kenako anawadzutsa a Bonifasi, kuwatembenuza, kuwakumbatira, suti yawo yonse n'kudetsedwa ndi makala, ndipo anakhalitsa atawakumbatira mpaka wa kamera atakhutira. Ine kukamwa kunali yasa. Nkhuku inadutsa m'manja anayi n'kukalowa m'galimoto yakuda, pampando wakutsogolo. Pa tonse amene tinachoka ku Mitundu m'mawa uja, ndi iyo yokha imene inakwera galimoto yoliza ndi kiyi.

Nditayang'ana pa mzere wa azimayi, pamalo pa a Nambewe panali mpata.

Tinafika kwa a Zakaliya dzuwa litapendeka, manja ali lende. Anatipatsa mphasa yakale, poona mmene tinaliri. Ndinayamba mawu a unkhoswe monga ndinawakonzera, koma ndisanafike pakati anakweza dzanja, n'kukweza wailesi imene inali pakhonde. Nkhani zinali zitayamba. Woulutsa anati pamsonkhano wa ku Nathenje, umene kunali anthu osawerengeka, mlimi wina wosauka wayenda wapansi masiku awiri kuchokera ku nkhalango ya Dzalanyama kudzapereka nkhuku yake yomaliza kwa a Dokotala. Anatinso mlimiyo, misozi ili m'maso, wapempha a Dokotala kuti adye nkhukuyo apeze mphamvu zowombolera dziko. Ndinayang'ana mlimi wa masiku awiriyo. Anali atagwira mutu ndi manja onse.

A Zakaliya anazimitsa wailesi. Anayankhula mosakweza mawu, ngati munthu wowerenga malangizo a feteleza. Anati nthawi imene anapereka inadutsa. Anati kwawo kuno munthu amapepesa amene wamupatsa nkhuku, ndipo dziko lonse lamva kumene nkhuku yapita.

"Ndiye bambo, mlandu wanu ndi a Dokotala watha, akukhululukirani. Kakhaleni nawo bwino. Ife mawa tikubwera ndi ngolo."

Ndinalumbira. Ndinafotokoza za lole, za Diamphwe, za bambo wa magalasi. Ndinatchula ndi dzira lomwe, zimene ndikuona tsopano kuti sizinathandize. A Zakaliya anandifunsa ngati ndine wokonza njinga wa ku Mitundu amene anauza anthu kuti anapopa tayala ndi pakamwa mpaka linaphulika. Ndinavomera, chifukwa zinachitikadi. Anati basi, amva.

Tili pafupi kudzuka, chitseko chinatseguka. A Nambewe anatuluka, foni ili m'manja, n'kukhala pansi chapatali. Sanatiyang'ane. Anawauza amalume awo kuti pagulu la azimayi a kumpingo pangofika kanema wina, wotumizidwa ndi otsatira a Injiniya, ndipo ndi bwino awuone asanabwereke ngolo.

Tinaunjikana pa kafoni kaja. Wojambulayo anali ataima kumbali, pakati pa azimayi oimba, ndipo anajambula zonse zimene kamera yaikulu inasiya: bwalo lopanda anthu, mbuzi, ndi a Bonifasi atagwada, msana ataulozetsa kwa a Dokotala. Pamwamba analembapo mawu onyoza, akuti onani chinyengo, munthuyu amagwadira mkazi wake, a Dokotala alanda nkhuku ya banja la eni. Cholinga chawo chinali kugwetsa mnzawo, za a Bonifasi analibe nazo ntchito. Koma poti anali pafupi, mawu ankamveka pansi pa phokoso lija.

"Amake mwana, chigafa sindinafolere ndine. Ndinakunamizirani pa anthu chifukwa ndinaopa kapitawo. Ndachita manyazi. Tiyeni kwathu."

A Nambewe anaubwereza kanemayo katatu. Kachitatu a Zakaliya anapempha kuti awaonetsenso pamene nkhuku ikuchoka, ndipo anapukusa mutu n'kunena kuti dzanja limenelo lazolowera. Pansi pa kanemayo anthu anali atayamba kale kulemba. Ena ankati a Bonifasi ndi wosewera wa zisudzo wolipidwa ndi a Injiniya. Ena ankati ndi mwamuna wodyetsedwa mankhwala. Wina analumbira kuti amawadziwa, ndi msuweni wa a Dokotala amene amagwira ntchito ku banki. A Nambewe anawerenga zonsezi mokweza, chimodzichimodzi, osathamanga. Atamaliza anaika foni pamwendo.

"Abambo ake mwana, dziko lonse likukusekani."

"Ndamva."

"Koma a dziko lonsewa kunalibe pa chigafa paja. Amene analipo ndi ena."

A Nambewe anawauza amalume awo kuti ngolo idikire. Anati abwera okha Loweruka pa minibasi, ndipo akafika akufuna apeze chigafa chofoleredwa, kapitawo alipo, ndi onse amene anamva bodza lija alipo. Akapeza wina wasowa, abwerera ndi minibasi yomweyo. A Zakaliya anati za nkhuku tikambirana fodya akagulitsidwa, koma yotsatirayo ibwere pa njinga.

Lole inali itatisiya. Tinabwerera pa galimoto ya kabichi mpaka pa mphambano paja, kenako minibasi ya kondakitala wachifundo amene anatiyalira masaka pa mpando. Anthu awiri m'menemo anawazindikira a Bonifasi. Wina anawagwira chanza, wina anawatukwana, ndipo onsewo anali a chipani chimodzi.

Lachisanu lonse tinali pamwamba pa chigafa ndi udzu. Ine njinga ndinazisiya, makasitomala akudandaula. Loweruka m'mawa a Bonifasi anayenda khomo ndi khomo kuitana matenanti anzawo, ndipo kwa kapitawo anapitako kawiri.

A Nambewe anatsika minibasi cha m'ma teni. Sanalowe m'nyumba. Analunjika ku chigafa, anayang'ana denga, analowetsa chala mu udzu kuona kukhuthala kwake, kenako anawerenga nkhope. Tinalipo anthu asanu ndi anayi, kuphatikiza mwana. A Bonifasi anavula chipewa n'kunena kuti chigafa sanafolere ndi iwo, fodya anaoletsa ndi iwo, ndipo a Nambewe amasoka bwino kuposa mayi aliyense pa esitetipo. Pa mawu omalizawo mkazi wa tenanti wina anatsokomola, koma anawasiya adutse.

A Nambewe anamasula mwana kumsana, anampereka kwa bambo ake, n'kufunsa kumene anaika singano yosokera fodya.